Ndikati kwathu ndi ku Naperi, anthu amaseka

Tsiku limene ndinkalembetsa chiphaso cha unzika, bambo amene ankadzaza fomu anandifunsa funso limene Mmalawi amafunsidwa asanakhale n'komwe pansi: "Kwanu n'kuti, mphwanga?" Ndinayankha kuti ku Naperi. Anaika cholembera patebulo n'kundiyang'ana ngati ndayankhula zachibwana. "Uko n'kumene mukukhala. Ine ndikufunsa kwanu. Mudzi, mfumu yaikulu, boma." Anthu pamzere anaseka, ndipo mayi wina kumbuyo anati ana a masiku ano atha, sadziwa ndi kwawo komwe. Ndinatuluka panja kukaimbira foni bambo anga. Ananditchulira mudzi wina wa ku Mulanje umene ndinali nditaupondako kawiri kokha, maulendo onse awiri kumaliro. Ndinabwerera n'kulembetsa dzina limenelo, ndipo mpaka lero boma limandidziwa kuti ndine wa kumeneko.

Vuto langa ndi lapawiri. Bambo anga ndi Alomwe a ku Mulanje, kumene mwana amakhala wa kuchikazi. Ndikapita kumeneko azakhali amandikumbatira, kenaka amati kwanu kwenikweni ndi kwa amayi anu. Mayi anga ndi Atumbuka a ku Rumphi, kumene mwana amakhala wa kuchimuna. Ndikafika kumeneko amalume amandiuza kuti ndimupatse moni aliyense wa kwathu ku Mulanje. Mbali zonse zimandiphera nkhuku, ndipo nkhukuyo ndi imene imandiuza zoona, chifukwa nkhuku amaphera mlendo. Malo okhawo amene palibe anandipherapo nkhuku, kumene amandituma kukagula tomato ndi kundikalipira ndikachedwa, ndi ku Naperi. Koma akuti uko si kwathu.

Akuluakulu amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Sindikutsutsa. Funso langa ndi lakuti: ndani anagamula kuti Blantyre ndi thengo? Nditayamba kuwerenga mbiri ya mzindawu ndinapeza kuti maganizo amenewa sanagwe ndi mvula. Anachita kumangidwa, ndipo zaka zake zikudziwika.

Tiyambe ndi eni malo, popeza aliyense amafuna kudziwa mwini wake. Pamene amishoni a Church of Scotland ankakhazikika pano mu 1876, dera lino linali m'manja mwa mfumu Kapeni, Myao. Koma Ayao nawo anali asanakhalitse. Analowa kumapiri a Shire chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera chakum'mawa, n'kupeza Amang'anja, amene ambiri anakankhidwira kuchigwa. Amene anasankha malo a mishoni anali Henry Henderson, akuyenda ndi womasulira wake Tom Bokwito, munthu amene ali mwana anawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo. Dzina lenilenilo la Blantyre ndi lobwereka, la kamudzi ka ku Scotland kumene kunabadwira David Livingstone. Anthu oyamba kumanga pafupi ndi mishoni ambiri anali othawa ukapolo ndi nkhondo, amene midzi yawo inali itapasuka. Kwa iwo Kabula sanali malo ongodikirirapo. Kunalibe kwina kobwerera.

Ndiye mzinda uwu unayamba ngati pothawirapo anthu osowa kwawo. Zinthu zinatembenuka pamene malonda ndi boma la atsamunda zinakula. Kampani ya African Lakes inamanga nyumba ya Mandala mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha mu 1891, chaka chomwe Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pake. Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za malo kwa azungu, ndipo gawo lalikulu la nthaka ya kumapiri a Shire linakhala minda ya makampani. Mu 1895 Blantyre inakhala ndi khonsolo yake, ya azungu okhaokha. Njanji inafika mu 1908, Limbe n'kuphuka pambali pake ndi fakitale ya fodya. Ntchito zonsezi zinkafuna manja a anthu akuda. Chimene sizinkafuna ndi mabanja awo, ukalamba wawo ndi maliro awo.

Wolemba mbiri John McCracken, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, anafotokoza bwino mmene Blantyre inasiyanira ndi mizinda ya ku Southern Rhodesia. Kuno antchito ambiri sankagona m'tauni. Ankalawirira m'mamawa kuchokera m'midzi yozungulira, kuyenda wapansi mtunda wautali, madzulo n'kubwereranso. Kwa olemba ntchito zimenezi zinali zokoma: malipiro ochepa, popeza mkazi akulima kumudzi ndipo nyumba wantchito wadzimangira yekha. Ndirande inakula chonchi, kunja kwa malire a tauni, kumene khonsolo sinkataya ndalama zake pa madzi kapena misewu. Ife timaiona ngati mtima wa Blantyre, koma inayamba ngati malo amene Blantyre inkakana kuwawerengera.

Naperi ndi mbali ina ya nkhani yomweyo. Kuno kunali lokeshoni, nyumba zimene zinamangidwira antchito achikuda, kutali pang'ono ndi kumene azungu ankakhala. Aliyense amene analowapo m'nyumba zakale za ku Old Naperi akudziwa kukula kwake. Wozijambula sankaganiza za agogo, adzukulu ndi mwana wa achemwali amene wabwera kudzaphunzira. Ankaganiza za munthu wantchito amene adzakhale zaka zingapo, ntchito ikatha abweze makiyi, akwere basi. Zipinda zimene mabanja anawonjezera kuseri, makhitchini a panja, mipanda ya maluwa imene inasanduka ya njerwa, zonsezo ndi anthu akukangana ndi pulani ya nyumba popanda kulemba kalata.

Pamwamba pa izi panali msonkho. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo kuti boma litolere bwino linafuna kuti mwamuna aliyense akhale ndi mudzi ndi mfumu yomuyankhira. Lamulo la 1912 linaika mafumu a midzi ndi mafumu aakulu pansi pa bwanamkubwa wa boma, ndipo la 1933 linawapatsa mphamvu zoweruza ndi kulamulira. Mizere itatu ija ya pafomu, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi mdzukulu wa kaundula wa msonkho. Sindikunena kuti atsamunda ndi amene anatiphunzitsa kukonda kumudzi, ayi. Makolo athu ankalemekeza manda a makolo awo azungu asanabwere. Koma kale munthu ankatha kusamuka, kukapempha malo kwa mfumu ina, ana ake n'kukhala a kumeneko. Kaundula ndi amene anaumitsa chinthu chimene chinali chofewa.

Mudzi umene uli pachiphaso changa ndi umboni wabwino. Makolo a agogo anga sanabadwire ku Mulanje. Anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, monga anachitira Alomwe miyandamiyanda kuyambira cha m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ambiri anakhala m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, kulipira malo ndi thangata. Ankatchedwa Anguru, dzina lonyoza, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 n'kukakamiza boma kusiya dzinalo. Bandawe mwiniwake anabadwira ku Mozambique, anaphunzira pa mishoni ya Blantyre, n'kugwira ntchito kukhoti lalikulu mumzinda muno. Nditawerengera zaka ndinaseka ndekha m'laibulale: mudzi umene akuti ndi muzu wanga ndi waung'ono kwa Blantyre. Tchalitchi cha St Michael chinali chitaima kale pamene makolo anga ankazika nsichi yoyamba ku Mulanje. Ngati iwo anatha kusandutsa munda wa mzungu kukhala kwawo m'mibadwo iwiri, n'chiyani chikuletsa ife kuchita chimodzimodzi ku Naperi m'mibadwo itatu?

Amene analawa kuwawa kwenikweni kwa funsoli ndi matchona. Komiti ya boma imene inafufuza za anthu opita kunja mu 1935 inapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi aliwonse sanali m'dziko muno. Anali ku migodi ya ku Joni, ku mapulazi ndi m'malokeshoni a ku Salisbury ndi Bulawayo. Kuno ankawaimba m'nyimbo zapamtondo ngati anthu otayika. Kumeneko anakwatira, anamanga mipingo, anayambitsa mabungwe othandizana pamaliro, anavina gule wamkulu. Adzukulu awo, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anadzauzidwa ndi lamulo la unzika la ku Zimbabwe la 2001 kuti ndi alendo, ndipo ambiri anataya ufulu wovota mpaka malamulo atsopano a dzikolo a 2013 anakonzako zinthu. Munthu wobadwira ku Mbare, bambo ake obadwira ku Mbare, kuuzidwa kuti kwanu ndi ku Nkhata Bay. Timamva chisoni tikamawerenga zimenezi, komabe timachita zomwezo kwa mwana wa ku Zingwangwa, kungoti ife sitimulanda chiphaso.

Ufulu utabwera mu 1964 ndinkayembekezera kupeza kuti nkhani inasintha. Inasinthadi mbali ina. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa chaka chomwecho, nyumba za ku Naperi, Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza zinadzaza ndi makalaliki, aphunzitsi ndi anamwino ochokera m'zigawo zonse, ndipo anthu opeza pang'ono anapatsidwa mapuloti oti adzimangire okha ku Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni. Blantyre ndi Limbe zinali zitaphatikizidwa kale mu 1956, ndipo mu 1966 unakhala mzinda. Koma funso lakuti kwanu n'kuti linakula mphamvu m'malo mochepa. M'zaka za m'ma 1970 amwenye a masitolo anauzidwa kuti achoke kumidzi akakhale m'matauni, ngati kuti tauni ndi ya alendo ndipo mudzi ndi wa eni dziko. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chawo. Mayi anga, amene nthawi imeneyo anali kusekondale, amakumbukira anzawo amene anachoka pakati pa chaka kupita "kwawo" kumene sankadziwa ngakhale chiyankhulo chake bwinobwino.

Ndipo anzanga apayunivesite, kota mukuidziwa. Kusankha ophunzira potengera boma lochokera kunayamba mu 1987, khoti lalikulu linakukana mu 1993, kunabweranso mu 2009, n'kudzathetsedwa mu 2020. Amene ankaikira kumbuyo kota anali ndi mfundo yake, tisanamizane. Sukulu za mishoni sizinagawidwe mofanana, ndipo maboma amene anali pafupi ndi Livingstonia kapena Blantyre anayamba kuthamanga ena asanavale nsapato. Koma taganizirani ana awiri a pa desiki imodzi ku Naperi, mphunzitsi mmodzi, buku limodzi longobwerekana, mapointi ofanana. Wina apita ku koleji, wina atsala, chifukwa cha midzi ya agogo awo imene onse awiri sanagonemo sabata yathunthu. Pamenepo mudzi sunalinso malo. Unali nambala ya lotale.

Ndisakhale ngati ndikunyoza kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, m'dziko la anthu 17.5 miliyoni limene anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Kwa ambiri a m'tauni mudzi ndi penshoni, ndi inshuwalansi, ndi thumba la chimanga limene limabwera pa basi mu Meyi. Munthu wa lendi amene landilodi angamutulutse mwezi uliwonse sangatchule nyumbayo kuti kwathu, ndipo akulondola. Kwathu kumafuna malo amene sungathamangitsidwepo. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndinamva anthu m'minibasi akufunsa kuti bwanji anthu amenewa osangobwerera kwawo. Ena anabwereradi. Koma ambiri mwa achinyamata amene ankakumba matope ndi makasu kufunafuna abale awo anabadwira pomwepo. Phiri limenelo timaliona tili pakhonde ku Naperi, ndipo masiku amenewo palibe ankafunsa mnzake mfumu yake yaikulu asanamupatse bulangete.

Zonsezi ndinazimvetsa bwino pamaliro a agogo anga aakazi, mayi a bambo anga, chaka chimodzi Freddy asanabwere. Anafika ku Naperi ali mtsikana wongokwatiwa kumene, kutsatira agogo aamuna amene anali mesenjala kenaka kalaliki, ndipo anakhala m'nyumba imodzimodziyo zaka 59. Anaberekera ana asanu ndi mmodzi pa Queens. Anabzala mtengo wa mapeyala kuseri umene lero ndi wautali kuposa denga. Pansi pa mtengo umenewo anakwirira michombo ya adzukulu awo onse obadwira m'tauni, wanga womwe, chifukwa ankati mchombo sutayidwa kudzala ngati zinyalala. Agogo aamuna atamwalira kalekale anaikidwa ku Misesa, mwa kufuna kwawo.

Uthenga utangomveka, anthu a mumzere wathu anachita zimene amachita nthawi zonse popanda wowauza. Mipando ya m'nyumba inatulutsidwa panja. Anyamata anapita kukafuna nkhuni. Amayi a Mvano anafika ndi yunifolomu zawo n'kuyamba nyimbo, mayi wachisilamu woyandikana nafe anabwera ndi mapoto ake aakulu, mbale ya chipepeso inayenda khomo ndi khomo, wina n'kumalemba m'kope amene wapereka. Kope limenelo ndinaliona pambuyo pake. Munali mayina a ku Karonga, a ku Nsanje, a ku Mangochi, a ku Ntcheu. Ngati mudzi ndi anthu amene amadziwa chochita iwe ukafa, ndiye Naperi ndi mudzi.

Usiku womwewo kunabwera alongo awo a agogo kuchokera ku Mulanje, eni mbumba, okalamba kwambiri, atagwira ndodo. Anakhala pampando n'kunena mosakweza mawu kuti mlongo wawo akagona kwawo, pafupi ndi mayi ake. Bambo anga anayesa. "Amalume, mayi akhala kuno moyo wawo wonse. Bambo ali ku Misesa. Bwanji tiwaike pafupi?" Iwo anayankha kuti, "Mphwanga, bambo akowo anali ndi kwawo, anasankha okha. Uyu ndi wathu. Tikamusiya kuno, inu ana mudzabweranso liti kumudzi?" Ndinakwiya nthawi imeneyo. Lero ndimaona kuti mkuluyo sankalimbira mtembo. Ankalimbira ife. Ankadziwa kuti manda ndi chingwe chomaliza, ndipo chikaduka, mudzi wake udzatsala dzina la pafomu basi.

Tinapita ku Mulanje. Galimoto ya bokosi, lole imodzi ndi maminibasi atatu, ndalama zake zambiri zochokera m'kope lija. Kumudzi anatilandira mwaulemu, adzukulu anali atakumba kale manda, mafumu anayankhula. Koma pamene inafika nthawi yonena mbiri ya malemu, a kumudzi anatchula mayina a makolo awo ndi chaka chimene anachoka, n'kuthera pomwepo. Amene ankadziwa kuti agogo ankaphika thobwa lotani, ana angati a eni ake anawalera, ndani anamubisa m'nyumba mwamuna wake atamuthamangitsa usiku, anali anthu a m'maminibasi aja. Amene analira mpaka mawu kutha anali a ku Naperi. Madzulo tinakwera n'kubwerera, ndipo titadutsa Limbe mayi wina wa Mvano anapumira m'mwamba n'kuti, "Tafika kwathu." Palibe anaseka.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuganiza kuti mbali imodzi ikunama. Ku Mulanje kuli mafupa a agogo ndi dzina la mbumba yawo. Ku Naperi kuli zaka zawo 59. Chimene ndimakana ndi chakuti choyambacho chilembedwe pachiphaso, chachiwiricho chikhale nthabwala ya pamzere. Mibadwo itatu yabadwira m'malokeshoni a Blantyre. Ili ndi chiyankhulo chake, Chichewa cha m'tauni chimene a ku Kasungu amati n'chopindika. Ili ndi matimu ake, Bullets ndi Wanderers, amene mabanja amadana nawo ndi kukondana nawo ngati mafuko. Ili ndi mafumu ake a m'malokeshoni, amene maliro sachitika asanauzidwe. Ilinso ndi manda ake. Ndipo mzinda umene anthu ake onse amati ndi ongodutsa ndi wosavuta kuuwononga. Mtsinje wa Naperi, umene bambo anga amati ankasambamo ali ana, lero ndi ngalande ya mapulasitiki. Munthu sataya zinyalala pachitsime cha kwawo. Amataya pamalo amene anauzidwa kuti si pake.

Tsopano nkhani yafika pa nyumba. Agogo aamuna anaigula atapuma ntchito, ndipo ana asanu amene atsala sakugwirizana. Awiri ali ku Lilongwe, mmodzi ali ku Johannesburg, ndipo akuti kwabwera munthu wofuna kuigula kuti agwetse amange mahositelo. MUBAS ndi KUHeS zili pafupi, ophunzira akusowa pogona, ndalama yake ndi yooneka. Ena mwa inu amene mukuwerenga mukugona m'zipinda zoterozo ku Naperi kapena ku Chitawira, anayi m'chipinda chimodzi, ndipo sindikukuimbani mlandu, popeza inenso ndikadachokera kutali ndikadafuna bedi lomwelo. Azakhali anga a ku Johannesburg analemba pa gulu la WhatsApp la banja kuti nyumba ya m'tauni ndi katundu chabe, kwathu ndi ku Mulanje. Iwowo ku Mulanje anapitako komaliza tsiku la maliro lija, ndipo sanagone.

Bambo anga sanayankhe pagulupo. Anangotuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, umene chaka chino wabereka kwambiri moti nthambi ina tachita kuichirikiza ndi mtengo wa bulugamu. Akumana onse pa Khirisimasi kuti agamule. Ife adzukulu sitinaitanidwe, koma ndawauza bambo kuti ndidzakhala pakhonde, ndipo akadzafika pa mtengo wa nyumbayo ndidzapempha kuti wina andiuze kuti michombo isanu ndi iwiri ili kuseriyo tidzaisamutsira mudzi uti.